Wailesi inkatipatsa zimene sitinapemphe

Ife amene tinali achinyamata m'zaka za m'ma 1990 tayamba kukalamba, ndipo chizindikiro chake n'chakuti tikakumana pa chinkhoswe kapena pa siwa, nkhani ya nyimbo sichedwa kubuka. Wina amangoti, "Wailesi inali kale, amwene," enafe n'kugwedeza mitu. Kenaka timayamba kutchula oulutsa mawu amene anatisiya, mapologalamu amene anatha, ndi nyimbo zimene unkazimva kamodzi n'kutha mwezi ukuzisaka. Pomaliza timagwirizana kuti ana a masiku ano ndi omvetsa chisoni, akungomva zinyalala.

Mawu omalizawo ine sindiwavomereza, ndipo oyambawo ndimawavomereza theka. Zambiri zimene timalira za wailesi yakale si zoyenera misozi ya munthu. Koma pali chinthu chimodzi chimene chinatayikadi, ndipo n'chotheka kuchibweza popanda kubweza zoipa zimene chinkayenda nazo. Ndikunena munthu wa makutu, wokhala kuseri kwa maikolofoni, wololedwa kutiikira nyimbo imene sitinaipemphe, imene sitikanaipempha n'komwe poti sitinkadziwa kuti ilipo.

Tisanamizane za mmene zinthu zinalili. Kuchokera mu 1964 mpaka ndale za zipani zambiri zitabwera, m'dziko muno munali wailesi imodzi, ya MBC, ndipo inali pakamwa pa boma. Wailesi yakanema inadzayamba mu 1999. Lamulo la 1968 linapatsa bungwe lounika zosangalatsa mphamvu yoletsa buku, kanema kapena nyimbo iliyonse imene laiona kuti siyoyenera, ndipo mphamvuyo linkaigwiritsa ntchito. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, imene inaletsedwa chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Mnyamata woweta tsitsi ankametedwa mokakamiza. Nthawi yambiri ya pa wailesi inkathera nyimbo zotamanda Ngwazi. Amene akuti nthawi imeneyo makutu athu anali pa ufulu, waiwala kapena anali asanabadwe.

Chimene chinkatipulumutsa chinali kabatani kamodzi kolembedwa SW. Popeza MBC yeniyeniyo inkaulutsanso pa shortwave kuti ifike kumidzi, ngakhale kawailesi ka Nzeru ka pa khonde la agogo kankatha kugwira mayiko akutali. Boma likanatha kuletsa chimbale kulowa pa Chileka kapena pa Mwanza, koma mafunde a m'mlengalenga analibe chipata. Mafunde a shortwave amakwera, n'kukagunda mpweya wa kumwamba kwenikweni, n'kubwerera pansi makilomita zikwi zambiri kuchoka pamene anayambira. Masana dzuwa limachititsa kuti ena mwa mafundewa azimezedwa asanafike kumwambako. Dzuwa likalowa njira imatseguka, makamaka pa 49 ndi 31 mita. N'chifukwa chake nkhani zathu zonse za wailesi ndi za usiku. Si kuti tinali ana osagona ayi, wailesiyo ndi imene inkadzuka mochedwa.

Ukapotoza kagudumu pang'onopang'ono, nsonga ya chala ikunjenjemera, unkadutsa mapokoso osiyanasiyana: kulira kwa makina, mlaliki wa ku America, Chipwitikizi cha ku Mozambique, mpaka utagwera pa nyimbo. Panali Channel Africa ya ku South Africa, imene isanafike 1992 inkatchedwa Radio RSA, ndipo inali ndi nthawi ya Chinyanja. Panali Africa No. 1 ya ku Gabon, yomwe inayamba mu 1981, kumene magitala a ku Kinshasa ndi Abidjan ankasefukira. Chifalansa sitinkamva, koma gitala safuna womasulira. Voice of America inali ndi pologalamu ya nyimbo za mu Africa imene Leo Sarkisian anayambitsa mu 1965, ndipo kumeneko ambiri tinamva koyamba kuti ku Mali ndi ku Ethiopia anthu amaimba mosiyana kotheratu ndi zimene tinkazitcha nyimbo za Chiafirika. Ndiye panali BBC World Service, ndipo mkati mwake, kamodzi pa mlungu, munkabwera bambo wina wa mawu otsika, olankhula ngati sakufuna, dzina lake John Peel.

Ndikhalitsepo pa bambo ameneyu, chifukwa mfundo yanga yonse yagona pa ntchito yake. Peel anali pa BBC Radio 1 kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1967 kufikira imfa yake mu Okutobala 2004 ku Cusco, m'dziko la Peru. Zaka 37 zimenezo ankaika nyimbo zimene omvera ambiri a masana sakanazipirira. Phokoso la magitala a anyamata osadziwika a ku Manchester linkatsatana ndi rege wa ku Kingston, kenaka nyimbo ya makina yopanda mawu, kenaka chimbale chokalamba cha m'ma 1930. Oimba opanda kampani ankamutumizira makaseti pa positi, iye n'kumawamvera yekha. Akakonda gulu, ankaliitanira ku situdiyo za BBC kuti lijambule nyimbo zitatu kapena zinayi tsiku limodzi, ndipo zojambula zoterezi zinapitirira 4,000. Nirvana inajambula kwa iye mu 1989, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lonse liidziwe. Anansi athu a ku Zimbabwe, Bhundu Boys ndi Four Brothers, analowa m'makutu a Azungu ambiri kudzera mwa iye ndi mnzake Andy Kershaw. Ankadziwikanso ndi kuika chimbale pa liwiro lolakwika, n'kupepesa, n'kuyambiranso, ndipo omvera ankamukonda kwambiri chifukwa cha zomwezo.

Tangoganizani kuti wailesi ya dziko, yoyendera ndalama za anthu, inalipira munthu kwa zaka 37 kuti aziika zimene anthu ambiri sakuzifuna. Nthawi ya pologalamu yake ankaisunthasuntha, koma sanamuchotse. Ndipo kwinakwake ku Zomba kapena ku Mzuzu, mwana wa sekondale wobisa wailesi pansi pa bulangete kuopa aphunzitsi oyang'anira ogonera, ankamva gitala wolira ngati akumuzunza n'kudabwa kuti kodi zoterezi n'zololedwa.

Kunena zoona, nyimbo zambiri za Peel sindinkazikonda ulendo woyamba. Zina sindinazikonde mpaka lero. Koma panalibe kothawira. Ukapotoza kagudumu, sitesheni yasowa, ndipo kuipezanso ndi ntchito ina. Unkangokhala, n'kumvera mpaka nyimbo ithe, podikira kuti mwina yotsatira ikhala yabwino. Pokhala pomwepo, khutu linkaphunzira. Nyimbo imene inkamveka phokoso pa mphindi yoyamba, pofika yachitatu unkayamba kumva kuti woimba ng'oma akuchita chinachake chanzeru. Mlungu wina ikabweranso unkapeza kuti phazi likugunda pansi lokha.

Ndiye panali vuto la dzina. Nyimbo ikatha, woulutsa akutchula woimba, mafunde nawo n'kusankha nthawi yomweyo kuzimirira. Unkatsala ndi theka la dzina, n'kulilemba kumapeto kwa kope la Jogalafe mmene walimvera. M'mawa unkawaimbira anzako ndi pakamwa, wina n'kunena kuti mchimwene wake wa ku Chancellor College ali ndi kaseti yofanana nayo. Mwayi ukakhala nawe, chala chili kale pa batani lofiira, unkaijambula pa kaseti yakale ya kwaya ya amayi, chiyambi chitaduka, mapeto ataphimbidwa ndi mawu a woulutsa. Mabatire tinkawayanika padzuwa, ndipo kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti mphamvu isathere pa zachabe. Zimenezi sindikuzitamanda. Unali umphawi, ndipo mwana wanga sindingamufunire. Ndikungonena kuti nyimbo yopezeka movutikira chonchi sunkaitaya pa masekondi khumi.

Nyimbo zachilendo sizinali za kunja zokha, ndipo apa MBC yakale ija ndiipatse ulemu wake. Chifukwa dziko linalibe makampani ambiri ojambula, wailesiyo inkajambula yokha oimba m'situdiyo zake ndiponso inkayenda m'maboma ndi makina. Choncho pakati pa mauthenga achisoni ndi Zokonda Amayi unkatha kumva banjo ya Allan Namoko, bambo wosaona wa ku Thyolo, kapena chitoliro cha ana a Kachamba a ku Chileka, kapena mayi wina wosatchuka akuimba ndi bangwe. Ife ana a m'tauni tinkazinyoza kuti ndi za kumudzi, tinkafuna za ku America. Koma zinkalowa ndithu, poti panalibe pozidumphira. Lero munthu wa zaka 45 akamva Namoko amangoti zii, ndipo mawu onse akuwadziwa, chonsecho sanagulepo kaseti yake ndi kamodzi komwe.

Zaka zokoma kwenikweni, mwa kuona kwanga, zinali zochepa, ndipo zinabwera zitseko zitatseguka. Pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, oimba a ku Balaka, otsogozedwa ndi Paul ndi Lucius Banda, anayamba kunena pa nyimbo zimene makolo athu ankanong'ona. Radio 2 inatsegulidwa mu 1997, Power 101 mu 1998, Capital FM mu 1999. Oulutsa ake anali anyamata ndi atsikana osasiyana nafe kwambiri msinkhu, ndipo panalibe amene ankadziwa bwinobwino mmene wailesi ya FM iyenera kuyendera. Aliyense ankabwera ndi chikwama chake cha zimbale n'kuika zimene mtima wake wakonda. Anyamata oyamba kuyesa rap m'Chichewa, amene akuluakulu ankati akungobwebweta, anapeza mpata nthawi imeneyo. Rege wowawa wa Evison Matafale anatuluka ku Chileka n'kugwira dziko lonse, mwini wake asanafere m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Chisokonezo cha zaka zimenezo ndicho chinali chuma chake. Eni mawailesi atadziwa chimene chimabweretsa otsatsa malonda, chikwama cha woulutsa chinayamba kuchepa mphamvu.

Pali anthu anzeru amene angandiyankhe kuti, "Achimwene, inu simukulira wailesi, mukulira unyamata wanu." Ali ndi mfundo. Mu 2018 wofufuza wa ku America, Seth Stephens-Davidowitz, anasanthula zimene anthu amamvera pa Spotify, n'kulemba mu New York Times kuti nyimbo zimene munthu amakakamira moyo wake wonse ndi zimene zinatuluka ali ndi zaka pafupifupi 13 ngati ndi mkazi, 14 ngati ndi mwamuna. Ndiye kuti m'badwo uliwonse udzanena kuti nyimbo zinali kale. Bambo anga ankanena za m'ma 1960, mwana wanga adzanena za amapiano. Palibe chodabwitsa.

Koma mfundo yomweyo ndi imene ikundilimbitsa. Ngati khutu la munthu limaumbidwa ali ndi zaka 14, ndiye funso la zimene zikufika m'khutulo pa msinkhu umenewo si laling'ono. Mwana amene pa zaka 14 anamva mitundu makumi awiri ya nyimbo, ina yomukwiyitsa, adzakhala munthu wina poyerekeza ndi amene anamva mtundu umodzi maulendo chikwi. Ndipo oimba a mawa akuchokera mwa ana omwewa. Nyimbo imodzi sachezera gule.

Yankho lachiwiri ndi lamphamvu kuposa loyamba. Amati mwana wa lero ali ndi nyimbo zonse za pa dziko m'thumba. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, YouTube inalipo kale, ndipo nyimbo zatsopano zoposa 100,000 zimaikidwa pa intaneti tsiku lililonse. Zimene ine ndinkadikira mwezi, iye amazipeza asanameze malovu. Intaneti yachitanso zimene wailesi inalephera: agogo Giddes Chalamanda anaimba moyo wawo wonse, koma dziko lakunja linawadziwa ali ndi zaka za m'ma 90, kanema wawo ndi Patience Namadingo atafalikira mu 2020 n'kudzasefukira pa TikTok. Sindingatsutse zimenezi, ndipo ine ndemwe nyimbo zija ndinalemba theka la dzina ndinadzazipeza pa intaneti.

Komatu taonani mmene ndinazipezera. Ndinali ndi theka la dzina. Kabokosi kofufuzira kamayankha munthu amene akudziwa chofunsa. Amene sanamvepo kuti kumpoto kwa Mali kuli anthu oimba magitala m'chipululu sadzalemba zimenezo, ngakhale atapatsidwa bandulo ya chaka. Ndiye ntchito yosankha imagwera makina, ndipo makinawo amagwira ntchito motere: amaona zimene wamvera mpaka kumapeto, zimene wadumpha, n'kukuyerekeza ndi anthu ena a khalidwe longa lako, kenaka n'kukupatsa zimene anthuwo anakonda. Cholinga chake n'chakuti usatseke foni. Ali ngati agogo okonda mdzukulu mopitirira: wati dzulo wakonda mbatata, ndiye mbatata m'mawa, masana ndi madzulo, therere sadzakuyesa nalo poopa kuti ungalire.

Palinso lamulo lina laling'ono limene lasintha kapangidwe ka nyimbo. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamveredwa, n'kubweretsa ndalama, munthu akaimvera masekondi 30. Woimba wanzeru amadziwa kuti akachedwa kufika pokoma, chala chadumpha. Choncho nyimbo yoyamba pang'onopang'ono, yofuna kuimva katatu isanakugwire, ilibe mwayi. Batani lodumphira ndi labwino kwa munthu wamkulu amene akudziwa kale zimene amakonda. Kwa mwana amene khutu lake likuumbidwa, limamulanda mwayi wotopa ndi nyimbo kenaka n'kuikonda.

Ndipo tisaiwale kuti tikukamba za Malawi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja linali ndi foni yam'manja, ndipo amene anali ndi intaneti sanafike banja limodzi mwa asanu. Zinthu zasuntha kuchokera nthawi imeneyo, koma mwana wa ku Ntchisi sakhala pa Spotify. Nyimbo zake amakazitenga kwa mnyamata wa kompyuta pa msika, amene amamudzazira khadi ndi zimene zikuvuta mwezi umenewo, kapena amapatsirana ndi anzake pa Bluetooth. Mnyamata wa pa msikayo si woipa, koma malonda ake ndi kupereka zimene wapemphedwa. Kunena kuti ana athu ali ndi nyimbo zonse za pa dziko ndi kunena za ana a ku Area 47 ndi Namiwawa.

Apa ndiye wailesi ikanayenera kukhala ndi ntchito yaikulu, ndipo apa ndi pamene ikundikhumudwitsa. Lero tili ndi mawailesi makumi angapo: a boma, a malonda, a mipingo, a m'madera. Yendani nawo pa foni Loweruka masana. Nyimbo khumi zomwezo zikuzungulira, kusiyana kwake ndi mawu a woulutsa basi. Woulutsa amayang'ana zimene zatchuka pa intaneti n'kuika zomwezo, omvera amatumiza uthenga kupempha zimene amva dzulo, ndipo wotsatsa malonda amafuna pologalamu imene ili ndi mauthenga ambiri. Aliyense akutsatira mnzake, wotsogolera palibe. Onjezanipo dandaulo limene oimba achinyamata akhala akulinena poyera kwa zaka zambiri, loti nyimbo siilira pa wailesi popanda kangachepe. Ngati zili choncho, ndiye wosankha si khutu la woulutsa koma thumba la woimba, ndipo woimba wa nyimbo zachilendo ndi amene kawirikawiri thumba lake limakhala lobooka.

Zotsatira zake tikuziona. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wopanga okha, chida chachikulu cha chingwe chimodzi, anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 ndipo kuyambira pamenepo akhala akuzungulira ku Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay anadziwika kunja chifukwa cha kanema wa pa intaneti. Chimbale cha akaidi a ku ndende ya Zomba chinapikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016. Funsani mwana wa Fomu 2 kuti anawamvapo kangati anthu amenewa pa wailesi ya kwawo. Timadikira mlendo adzatiuze kuti tili ndi chinthu, ndiye tiyambe kunyada. Ntchito imene Peel ankagwirira oimba a ku Harare, ife tikulephera kugwirira oimba a ku Mtandire.

Ena amati mankhwala ake ndi lamulo lokakamiza mawailesi kuika nyimbo za m'dziko muno. Anansi athu anayesa. Zimbabwe mu 2001 inalamula kuti magawo 75 pa 100 alionse akhale a oimba a m'dzikomo, ndipo n'zoona kuti m'badwo wa oimba achinyamata wotchedwa Urban Grooves unabadwira pamenepo. SABC, wailesi ya boma ya ku South Africa, mu 2016 inalamula magawo 90, koma chaka chotsatira inabwerera m'mbuyo, otsatsa malonda atathawa. Lamulo lotere lingathandize matumba a oimba, ndipo sindikulinyoza. Koma limayang'ana chiphaso cha woimba, siliyang'ana ngati nyimboyo ikutsegula khutu. Mungadzaze tsiku lonse ndi nyimbo za Amalawi, zonse zofanana, zonse zotengera Lagos ndi Johannesburg. Komanso mwana wa ku Malawi ayenera kumva za ku Bamako, ku Recife ndi ku Glasgow. Kumutsekera m'nyimbo za kwawo zokha ndi kubwerera kumene tinachoka, kungosintha wotseka chitseko.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono kuposa lamulo. Wailesi iliyonse imene imadzitcha ya anthu ipatule maola awiri pa mlungu, usiku, nthawi imene otsatsa malonda saifuna n'kale, iwapereke kwa munthu mmodzi wokonda nyimbo mopenga. Asakhale wosankhidwa chifukwa cha mawu okoma kapena otsatira ambiri pa Facebook. Akhale uja amene anzake amamuthawa akayamba kufotokoza za woimba ng'oma wa gulu linalake la mu 1978. Anthu otere alipo m'tauni iliyonse, ena ndi aphunzitsi, ena amakonza mafoni. Pologalamuyo isakhale yolandira zopempha, ndipo khobidi la woimba lisamudutse m'manja. Atchule dzina la nyimbo isanayambe ndiponso ikatha, anene mawu awiri za kumene yachokera, kenaka akhale chete nyimboyo ilire yonse, osailankhulira pamwamba kupereka moni kwa a ku Bangwe.

Chovuta kwambiri si kupeza munthuyo. Ndi kumusiya. Mwezi woyamba mauthenga adzabwera oti kodi wailesi yawonongeka. Abwana adzafuna kuikapo nyimbo ziwiri zotchuka kuti anthu asathawe, kenaka zinayi, ndipo pofika Khirisimasi pologalamuyo idzakhala ngati ina iliyonse. Woulutsa wotere amafunika zaka kuti omvera amukhulupirire, kuti akaika chinthu chowawa m'makutu azinena kuti, "Tiyeni timve, mkuluyu sanama kawirikawiri." Ayenera kuloledwa kulakwitsa. Pa nyimbo khumi, zisanu ndi ziwiri zikhoza kukhala zosakoma, ndipo zimenezo si vuto, poti zitatu zotsalazo sukanazipeza kwina.

MBC ndiyo ili ndi ngongole yaikulu pa nkhaniyi, chifukwa imayendera misonkho yathu ndipo siyenera kupikisana ndi mawailesi a malonda pa nyimbo khumi zomwezo. Ilinso ndi chimene wina aliyense alibe: matepi a zaka makumi ambiri a oimba a m'maboma onse, ambiri a iwo anamwalira osajambulanso kwina. Kwa mwana wobadwa mu 2010, banjo ya mu 1972 ndi nyimbo yachilendo kuposa chilichonse chochokera ku Atlanta. Aimve pambali pa mtsikana wa ku Area 25 amene akupanga nyimbo pa laputopu m'chipinda chake, aone yekha ngati palibe ubale. Mawailesi a sukulu, monga ya Chanco ku Zomba ndi MIJ FM ku Blantyre, nawo ali pabwino. Ku America nyimbo zimene zinadzatchuka m'ma 1990 zinakulira m'mawailesi a m'makoleji m'ma 1980, kumene ophunzira ankaika zimene mawailesi akuluakulu ankazikana, ndipo gulu ngati R.E.M. linakwera kudzera mmenemo. A m'madera, monga Dzimwe, Nkhotakota, Mzimba ndi Mudziwathu, ali pafupi ndi oimba amene sadzafika ku situdiyo ya mumzinda, ndipo foni yabwino imodzi ndi yokwanira kuwajambula.

Shortwave yokha sibwerera, ndipo sindikuiitana. Malo otumizira mafunde a ku Meyerton, kufupi ndi Johannesburg, amene ankatibweretsera Channel Africa ndi BBC, anatsekedwa mu 2019. Koma FM ili m'mafoni ambiri a mabatani, siifuna bandulo, imangofuna timahedifoni tolowa m'malo mwa mlongoti. Odzamvera adzakhala ochepa, ndikudziwa: ana a m'mahositelo, alonda, anamwino a usiku, madalaivala a mathiraki pa M1, ndi mayi woyamwitsa amene tulo tamuthawa. Kwa wotsatsa sopo ndi anthu osakwanira. Kwa wailesi ya boma ndi eni ake.

Mtengo wake ndi malipiro a munthu mmodzi, magetsi amene akuyaka kale, ndi bandulo yoti azisakira nyimbo. Amuganizirenso za galimoto yomubweza kunyumba, chifukwa pologalamu ikamatha pakati pa usiku, maminibasi a ku Ndirande amakhala atasiya kale kuyenda.